Pepani Wanga Ankandiulula

Amalume ndiwo anandiphunzitsa poka, masewera a makhadi obetcherana, ndipo ndiwonso ankandikwapula pamasewerawo Loweruka lililonse kwa zaka ziwiri. Tonse tinali mu Nairobi: iwo ankakhala ku Runda, kuseri kwa mageti atatu, ine ku Madaraka, m'kanyumba kam'mwamba komwe phokoso la kubwalo la mpira limalowa osaodira. Tinkasewera pa intaneti masana, anthu asanu ndi mmodzi, Amalawi tokhatokha ogwira ntchito m'mabungwe a mu Nairobi. Ndalama zake zinali zamasewera chabe, zosagula ngakhale ndazi limodzi, koma manyazi ake anali enieni.

Chimene chinkandiwawa n'chakuti ine ntchito yanga ndi ya ziwerengero. Sabata yonse ndimakhala mu ofesi ku Westlands kufinya manambala mpaka anene zoona, koma Loweruka ndinkagonja kwa munthu wotayipa ndi chala chimodzi. Amalume sankalephera kundikumbutsa zimenezi. Ankati sukulu yonse imene anandilipirira ija inathera m'matatu, maminibasi a ku Kenya aja. Ndiye atalengeza kuti akupuma pantchito, akubwerera kwathu pakatha mwezi, ndinalumbira chamumtima kuti sakwera ndege ndisanawagonjetseko kamodzi kokha.

Mnzanga wa ku ofesi, mtsikana wa ku Kenya komweko amenenso amasewera, ndiye ananditsina khutu za pulogalamu ina ya pakompyuta. Imasunga dzanja lililonse limene wasewera, ndiye kuti makhadi amene unagawiridwa ndi zimene aliyense anachita, kenako n'kukuwerengera khalidwe la munthu aliyense: amakweza ndalama zobetcha kangati, amataya makhadi kangati, amaopa liti. Malo amene tinkasewerawo ankasunga kale mbiri ya masewera athu onse, choncho ndinangoitsanulira m'pulogalamuyo.

Mmene manambala anayamba kutuluka, mtima wanga unali dyokodyoko. Anthu amene ndinkapemphera nawo, kudya nawo, anali poyera ngati zovala pachingwe. Bambo wina wofatsa, woimba kwaya, anapezeka kuti ndi wabodza wotheratu, amakweza alibe kanthu. Mayi wina wapakamwa anapezeka wamantha. Ndinkaseka ndekha m'nyumba, tiyi mpaka kuzizira. M'matatu popita kuntchito ndinkangoganiza manambala, tsiku lina mpaka ndinapitirira siteji yanga.

Koma nditafika pa amalume ndinagwira njakata. Ena akakweza, amalume ankalimbana nawo mpaka mapeto. Ndikakweza ine, pafupifupi nthawi zonse ankataya makhadi pomwepo. Ndiye kuti ndikakhala ndi makhadi abwino sindinkawadyera kanthu, pamene iwo akakhala nawo abwino ankandisenda bwinobwino. Poyamba ndinaganiza kuti amandimvera chisoni, mwana wa mlongo wawo. Koma amalume ndimawadziwa. Galu wamkota sakandira pachabe.

Ndinayamba kutsegula manjawo limodzilimodzi. Mbiriyo imasunganso zimene anthu alemba m'kabokosi kocheza ka pambali. Pa dzanja loyamba ndinali ndi mafumu awiri, makhadi amphamvu zedi, ndipo ndisanakweze ndinali nditalemba kuti, "Pepani, amalume." Lachiwiri, chimodzimodzi. Lachitatu, lachinayi, mpaka ndinasiya kuwerenga. Nthawi iliyonse imene ndinali ndi makhadi oti ndiwapweteke nawo, ndinkayamba ndapepesa. Pokweza mwabodza sindinkalemba kanthu, chifukwa palibe chimene ndinkawalakwira.

Ndinaseka mpaka misozi. Ife tinaleredwa kuti sudutsa pamaso pa wamkulu osawerama, sumulanda chinthu m'manja osapepesa. Chala changa chinkagwada chokha ine osadziwa. Mnzanga uja nditamufotokozera anagwira pamimba ndi kuseka, n'kundipepesa m'Chiswahili, akuti, "Pole sana, koma iwe ulemu ukupha."

Ndikanatha kungosiya kulemba mawuwo. Koma amalume akanazindikira msanga kuti ndadzuka, ndipo ine ndinkafuna zoposa pamenepo. Maloweruka awiri ndinapitiriza kupepesa monga kale, n'kumagonja monga kale, iwo n'kumandiseka monga kale. Kudziletsa kumeneko kunali kowawa, koma ndinkasangalala ngati mwana wobisa switi m'tsaya.

Loweruka lomaliza, katundu wawo ali kale m'makatoni, ena anayi anatuluka mmodzimmodzi mpaka tinatsala awiri. Amalume anali ndi mulu wa ndalama woposa wanga pang'ono. Kenako ndinagawiridwa seveni ndi thuu, zamitundu yosiyana, makhadi amene ngakhale wophunzira kumene amadziwa kuti ndi zinyalala. Amalume anakweza, ine ndinatsatira. Makhadi apatebulo atatembenuzidwa sanandithandize chilichonse. Iwo anakwezanso, kwambiri ndithu, moti theka la mulu wawo linali pakati.

Ndinalemba pang'onopang'ono kuti, "Pepani, amalume," kenako ndinakankhira zonse zimene ndinali nazo pakati.

Kawotchi kowerengera nthawi yawo kanayamba kutha. Ndinaimirira, ndinakhala, ndinaimiriranso. Kubwalo la mpira kunamveka mkuwo wa chigoli ndipo ndinadzidzimuka ngati andigwira ndikuba. Kutatsala pang'ono kuti nthawi ithe, amalume anataya makhadi awo, n'kuwaonetsa dala kuti onse aone nzeru zawo. Anali mafumukazi awiri. Akanangotsatira, ine ndikanathera pomwepo.

Pali kabatani koonetsera makhadi ako ngakhale palibe wakukakamiza. Ndinakadina. Seveni ndi thuu zinaonekera patebulo, ndipo anzathu amene ankaonerera anadzaza kabokosi kaja ndi kuseka. Mulu wa amalume unali utaphwa, ndipo patangopita manja ochepa ndinawamaliza. Ndinavina ndekha pabalaza, chitenje m'chiuno, mpaka a nyumba yapansi anagogoda denga lawo ndi tsache.

Foni inalira ndikadali wefuwefu. Anali iwo. Anandifunsa kuti ndinazindikira liti, ndipo ndinawafotokozera zonse, za pulogalamu, za manambala, za Maloweruka awiri amene ndinagonja dala. Anaseka chikhakhali, nati sukulu ija tsopano yabweza. Anaulula kuti iwo anaona zimenezi mwezi woyamba womwe, popanda kompyuta, ndipo ankangodikira tsiku limene ndidzadzimve ndekha. Mtima wanga unali m'malere.

Kenako anatsitsa mawu, mmene amachitira akafuna kuti umve.

"Wapambana, mwana wanga, ndipo ndakondwa. Koma zaka zonsezi, ukati pepani ndinkadziwa kuti ukunena zoona. Kuyambira lero ndiziyamba ndaganiza kaye."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, ndipo mawu amene anabwera palilime anali pepani yemweyo. Ndinawameza.