Majekete Ofiira pa Maliro a Achimwene

Ndinadzuka kusanache, ngakhale kuti kudzukako n'kungonena chabe, chifukwa tulo sindinatione. Tinagona pansi pabalaza m'nyumba mwanga ku Scarborough, ine ndi amayi asanu a kutchalitchi, awiri mwa iwo a ku Zambia. Anali ataimba mpaka mawu kusasa. Nditasuzumira pazenera ndinapeza kukugwa mvula ija ya kuno, yomwe ikangofika pansi imauma gwa ngati galasi. Mtima wanga unangoti myuu.

Tsiku limenelo tinkaika m'manda achimwene anga, amene ndinapondana nawo. Nkhawa yanga inali imodzi basi, anthu onyamula bokosi. Amayi athu ali ku Ntcheu ndipo sakanatha kubwera, koma mng'ono wanga kumudziko anakonza zoti aonere mwambo wonse pafoni. Pempho lawo linali limodzi: "Mwana wanga asakankhidwe pa kangolo ngati katundu. Anyamulidwe ndi anthu, ndione ndi maso angawa." Bokosi limafuna amuna asanu ndi mmodzi. Ine ndinali ndi atatu: amuna anga, bambo wina wa ku Chipata, ndi mkulu wampingo amene amavutika nsana.

Sikuti anthu athu kuno ndi oipa mtima ayi. Vuto linali lakuti achimwene sankadziwika. Kwa zaka zambiri ankagwira ntchito pa sitima yapamadzi yonyamula anthu olemera opita kukaona malo ozizira a kumathero a dziko, uko kuli mapiri a madzi oundana okhaokha. Ankaperekera zakudya, ndipo alendo akamatsika kukaona zinyama ankawathandiza kukwera timaboti ta mphira. Chilimwe ali kumpoto, dzinja ali kummwera. Kuno ankangobwera kudzachapa zovala ndi kudzandisokosa ndi zithunzi za mapengwini, mbalame zakuda kumsana zoyera pamimba zoyenda chilili ngati anthu. Usiku woyamba wa siwa mayi wina wachikulire anandiuza mosapsatira kuti mlongo wanuyu sitinamuonepo pa maliro a munthu. Zinandibaya, komatu sananame. Inenso ndinkawakalipira zomwezo.

"Inu achimwene, mudzaikidwa ndi mapengwini anuwo," ndinkatero.

"Bola amenewo amabwera atavala masuti," ankayankha akuseka.

Anabwerako akudwala mtima ntchito ya chaka chino isanathe, ndipo sanachedwe m'chipatala. Mawu angawo anandizunza sabata yonse. Pakamwa panga, Mulungu andikhululukire.

Kukuyera, amayi aja anayatsa mbaula za gasi m'galaja, chitseko chili chotsegula. Anatereka mpunga, nyemba ndi nkhuku, manja ali nyenyenye ndi kuzizira. Wina anaterereka ndi ndowa ya madzi n'kudzuka akudziseka yekha. Foni yanga inayamba kulira. Uyu akuti mabasi sakuyenda, uyu akuti amukaniza kuchoka kuntchito, uyu akuti galimoto yakana kutuluka pakhomo. Aliyense ankapepesa kuchokera pansi pa mtima, ine ndikungoyankha kuti palibe kanthu.

Titafika ku nyumba ya maliro, m'chipinda chopemphereramo munali mipando yambiri kuposa anthu. Ndinaima kumbuyo n'kumaganiza mmene ndingagwirire foni kuti amayi asaone mipandoyo. Abusa atangotsegula Baibulo, chitseko chinatseguka ndipo kunalowa mphepo, kenako anthu khumi ndi mmodzi ovala majekete ofiira ofanana ndi la achimwene lomwe linali kuseri kwa chitseko cha chipinda chawo kunyumba kwanga. Panali akuda, azungu, a ku Asia, onse atatopa, ena akukoka masutikesi. Anakhala phee kumbuyo.

Mwambo utatha, mayi wina wamfupi wa ku Philippines anadzandigwira manja onse awiri. Anati iye ndi woyang'anira operekera zakudya pa sitimapo. Ntchito ya kummwera inali itangotha, aliyense ali pa ulendo wopita kwawo kukaona ana ake patatha miyezi yambiri, koma anapatuka kudzera kuno. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira kuti foni ya achimwene itanditopetsa ndi mauthenga, ndinalemba mzere umodzi wokha pa gulu la anzawo, wonena tsiku ndi malo. Ndinalemba mokwiya, kuti asiye kuisokosa. Manyazi anandigwira, abale.

Ku manda zinthu zinavutanso. Dzenje linali pamwamba pa kachitunda, ndipo kanjira kopita kumeneko kanali kowala ndi madzi oundana. Wogwira ntchito pamandapo anapukusa mutu. Anati bokosi lipite pa kangolo kawo, ndipo okalamba atsale m'magalimoto. Ndinayang'ana foni. Amayi anali atakhala pamkeka, chitenje chakuda kumutu, akudikira.

Bambo wina wamtali wa jekete lofiira, amene amayendetsa timaboti tija, anakwera kachitundako yekha pang'onopang'ono, akuponda uku ndi uku ngati munthu woyesa mlatho. Atatsika analankhula ndi wa pamandayo mwaulemu mpaka anavomera. Anzake anatsegula zikwama n'kutulutsa tizitsulo ta minga tomangirira kunsi kwa nsapato, ndipo anawamanga amuna anga ndi bambo wa ku Chipata uja. Kaya anatitengeranji pa ulendo wopita kwawo, sindinafunse. Anayi anaima pa bokosi pamodzi ndi athu awiriwo. Mkulu wampingo anapumitsa nsana wake n'kuyambitsa nyimbo.

Otsalawo anandanda m'mbali mwa kanjirako, kuyambira pansi mpaka pa dzenje. Wamtali uja anatisonyeza kagwiridwe kawo: osagwirana zala, koma iwe ugwire pamkono pake, iye agwire pamkono pako, kuti wina akataya mnzake asataye. Anati umu ndi mmene achimwene ankatsitsira nkhalamba m'boti mafunde akuwinduka, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anawapulumuka m'manja.

Bokosi linanyamuka. Linakwera pa mapewa a anthu, phazi limodzi limodzi, wamtaliyo akuwerengera kuti aziponda pamodzi. Pambuyo pake amayi okalamba a kutchalitchi ankalandiridwa dzanja ndi dzanja, uyu kupereka kwa uyu, mpaka onse anafika pamwamba, kuphatikizapo mayi uja anandibaya ndi mawu pa siwa. Ine ndinakweza foni m'mwamba, dzanja linalo lili m'manja mwa mlendo. Amayi atangoona bokosi pa mapewa analira mokweza, kulira kwa kwathu kwenikweni, ndipo kunamveka pamanda ponse. Apo ndiye ndinalephera kudzigwira. Ndinalira chifukwa cha chisoni, ndinaliranso chifukwa chothokoza.

Tinawakakamiza alendowo kuti akadye. Kunyumba amayi amene anatsala kuphika anali ataika beseni lalikulu la madzi ofunda pakhonde, monga timachitira, kuti obwera kumanda asambe m'manja asanalowe. Ife tinachedwa kutsitsa okalamba m'magalimoto. Pofika tinapeza a majekete ofiira atafola bwinobwino, aliyense akuviika nsapato m'besenimo, phazi ili kenako ili, wina akukwecha zidendene ndi bulashi yochotsera chipale pa galimoto.

"Mayo ine, madzi anga!" anakuwa mayi wina wa ku Lusaka.

Mayi wa ku Philippines anafotokoza kuti kwa iwo ndi lamulo: ukachoka kumtunda kubwerera pa sitima umatsuka nsapato, kuti dothi la malo ena lisapite kwina. Ataona beseni pakhomo anangoti anthu awa amadziwa mwambo. Titawauza ntchito ya madziwo anagwira pakamwa. Tinaseka mpaka misozi, koyamba sabata yonseyo. Tinabweretsa madzi ena, iwo anasamba m'manja, ndipo mayi wachikulire uja anati nayenso nsapato zake zitsukidwe, asamusale.

Anadya, anatiuza nkhani za achimwene zimene sindinkazidziwa, kenako ananyamuka kuthamangira ndege zawo. Athu nawonso anatsuka mapoto n'kubalalika dzuwa likulowa. Amuna anga anaperekeza omaliza.

M'nyumba munangoti zii. Ndinapinda mabulangete a pabalaza, ndinataya madzi a m'beseni, kenako ndinalowa m'chipinda cha achimwene n'kukhala pabedi. Jekete lawo lofiira linali pomwe analisiya. Pafoni panali uthenga wa mawu wochokera ku Ntcheu. Amayi ankalankhula motsitsa, mawu atasasa.

"Ndaona, mwana wanga. Sanapite yekha. Koma anthu ofiira aja usawataye. Uwauze kuti kwawo kukadzagwa zovuta atitumizire uthenga. Ine miyendo yatha, ndiye udzapita ndiwe."

Ndinaumvera kawiri. Kenako ndinatenga foni ya achimwene, yomwe ndinati ndikaitseketsa mawa lake, ndi kuilumikiza ku magetsi kuti mauthenga a anzawo aja azifikabe.