Filimu ya Amwenye Inathera ku Chipatala

Chaka chimene fodya anachita bwino, achimwene anga anagulira amayi sola ndi kawailesi ka kanema, kakang'ono ngati thireyi ya tiyi. Ankati amayi azionera nyimbo za kwaya, popeza chimwalirireni bambo pakhomo panali patazizira. Kwayayo anaionera sabata imodzi yokha. Ine ndinkaphunzitsa pasukulu ya pafupi n'kumagona pakhomo pomwepo, ndipo tsiku lina ndinapita ku kashopu kena pa Malomo kukaikitsa nyimbo zina pa memore khadi. Mwini malowo anandiikiramo basera, filimu ya amwenye yomasuliridwa m'Chichewa, ya zigawo zambirimbiri. Basera ameneyo ndi amene analanda mudzi wathu.

Womasulirayo sindinamuonepo nkhope, koma mpaka lero ndimamupatsa ulemu. Munthu mmodzi yekha ankalankhula ngati nkhalamba, ngati khanda, ngati mkazi wolusa, ndipo galu akauwa ankamasuliranso zimene galuyo akunena. Mzinda wa amwenyewo ankautchula kuti Lilongwe, mudzi wawo n'kumati ndi ku Ntchisi, moti amayi a kwathu ankanyada poona kuti kwathu kuli nyumba zosanjikizana. Anthu a m'filimumo akayamba kuvina pamvula, iye ankati, "Apa tiwasiye avine kaye, ine ndikamweko madzi." Ndipo ankachokadi.

Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, khonde lathu linkadzaza. Kanemayo tinkamuika pampando pakhomo penipeni, amayi n'kuyala mphasa, aliyense ndi lichero lake la mtedza woti asende. Nkhani yake inali ya bambo wina wogulitsa nsalu amene anali ndi akazi awiri. Mayina achimwenye anatikanika, choncho tinawapatsa athu. Mkazi wamkulu, amene ankalira chigawo chilichonse, tinamutcha Wamisozi. Wamng'ono, wa ndolo zofika m'mapewa, tinamutcha Wandolo. Mwamunayo sanapatsidwe dzina. Amayi ankangoti "chitsiru cha suti chija," ndipo aliyense ankadziwa.

Amayi anga poonera filimu sakhala chete, ndipo ine ndimawakonda choncho. Ankafunsa kuti anthu amenewa amalima nthawi yanji, popeza tsiku lonse amangokwera ndi kutsika masitepe. Ankadandaula kuti apongozi a m'filimumo amalowa kuchipinda kwa mwana wawo osaodira. Wamisozi akayamba kukhulupirira bodza, amayi ankaimirira, makoko a mtedza ali mbwee, n'kumukalipira.

"Iwe mwana iwe, tsegula maso! Tiyi ameneyo usamwe!"

Ndikawakumbutsa kuti ndi sewero chabe, ankandiyang'ana ngati ndine wopepera. "Ndikudziwa kuti ndi sewero. Nanga sewero ndiye munthu asalangizidwe?"

Khonde lonse linali kumbali ya Wamisozi, kupatula munthu mmodzi. Ameneyo anali mnzawo wa amayi wa ponda apa nane mpondepo, amene tinkangowatchula kuti amayi a kutsidya, chifukwa nyumba yawo inali kutsidya kwa dambo. Iwo ndi amayi anavinidwa limodzi, ndipo pa maliro a bambo ndi iwo amene anagona pafupi ndi amayi mpaka tsiku lometa. Malo awo pamphasa anali odziwika, kudzanja lamanja la amayi, motsamira chipupa. Maso awo anali atayamba kale kuchita chifunga chifukwa cha matenda a shuga, koma khutu lawo silinkaphonya kanthu.

"Inu mukungoona ndolozo," ankatero amayi a kutsidya. "Mwana wa Wamisozi atadwala, anamutengera kuchipatala ndani? Si Wandolo yemweyu? Mtsikanayu sanadzikwatire yekha. Chitsiru chanu cha suticho ndi chimene chinapita kwawo."

"Anzanga, musamuikire kumbuyo. Taonani mmene akuyendera!"

"Kuyenda kwake kwalakwa chiyani? Mukufuna azikwawa?"

Mkangano umenewu unkakoma kuposa filimu yeniyeniyo. Ena ankabwera kudzamvera iwo awiriwa basi. Dzuwa likapendeka, amayi ankawaperekeza anzawo mpaka pa mlatho wa mitengo wa padambo, akukanganabe, ndipo mawu awo ankamveka mpaka kwathu.

Pali chinthu chimene mudzi wonse unkadziwa koma palibe amene ankachitchula. Amayi a kutsidya nawonso anakwatiwa pamitala, anali mkazi wachiwiri. Amuna awo anamwalira kalekale, koma zaka zonse za banja lawo mpingo wathu sunkawalola kudya mgonero. Tsiku la mgonero ankakhala pa benchi ya kumbuyo, manja ali pamiyendo. Ndili mwana ndinkaona amayi akalandira mkate ndi chikho, sankabwerera pamalo pawo, ankapita kukakhala kumbuyo komweko pambali pa anzawo. Akulu a mpingo ankawayang'ana cham'mbali, koma amayi sankasamala. Ichi n'chifukwa chake zimene zinachitika pa khonde lathu zimandiwawabe.

Linali tsiku la chigawo chimene Wandolo ananamiziridwa kuti waba mkanda wa golide wa apongozi. Amayi anali atatenthedwa kale, ndipo anzawo atangoti, "Sanabe ameneyu, amutchera msampha," amayi anaomba m'manja n'kukuwa.

"Sanabe bwanji? Amene anaba mwamuna angalephere kuba mkanda? Wachiwiri aliyense ndi wakuba basi!"

Womasulira yekha ndi amene ankalankhulabe. Amayi anali akuyang'anabe kanema, osadziwa chimene chatuluka m'kamwa mwawo, mpaka anamva lichero likuikidwa pansi pang'onopang'ono. Amayi a kutsidya anaimirira, anakutumula chitenje chawo, n'kunena mwaulemu kwambiri.

"Zikomo, tapita. Akuba asachedwe pakhomo pa eni."

Madzi akatayika saoleka. Tsiku limenelo palibe amene anaperekezedwa mpaka pa mlatho.

Amayi anga ndi munthu wabwino, koma kupepesa kumawavuta ngati kumeza mwala. Anatumiza maungu kutsidya, maunguwo analandiridwa ndi mdzukulu wa anzawowo, mawu osabwera. Anatumiza nkhuku, yankho linali "zikomo" yekha. Ndinawauza kuti, "Amayi, nkhuku silankhula. Pitani nokha." Ankati apita mawa. Mawa likafika ankati dambo ladzaza, pamene madzi ake anali ofika m'kapolo. Zinandikwiyitsa kwambiri, ndipo ndinawauza maso ndi maso kuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Anandiyankha kuti ndisawalalikire ngati ndine m'busa.

Filimu inkapitirira, anthu ankabwerabe, koma inali ngati ndiwo zopanda mchere. Malo otsamira chipupa aja palibe amene ankakhalapo. Amayi anasiya kukalipira Wamisozi. Tsiku lina Wandolo atachita zabwino, ndinawamva akunong'ona okha kuti, "Anzanga akanati chiyani apa?" Chigawo chomaliza tinachionera nthawi yokolola. Wandolo anathamangitsidwa panyumba pamvula, atanyamula kachikwama, ndolo atazivula. Khonde lonse linalulutira. Amayi okha anangonyamula lichero lawo n'kulowa m'nyumba.

Sabata yomweyo tinamva kuti amayi a kutsidya adwalika, awatengera ku chipatala cha mishoni ku Mtengowanthenga, ndipo maso awo sakuonanso. Ulendo uno amayi sanati mawa. Anafulula thobwa, anadula phava la nthochi, n'kundiuza kuti ndichotse memore khadi mu kanema ndiike mufoni yanga.

"Ya chiyani? Anthu sakuonatu."

"Ika basi. Wodwala sumuzonda chimanjamanja."

Tinakwera minibasi. Titalowa muwodi tinawapeza anzawo atagona chammbali, ataonda, maso ali gwa koma osaona kanthu. Ine ndinapereka moni. Amayi anangoima ndi chigubu cha thobwa, mpaka anzawo ananunkhiza m'mwamba.

"Thobwa la mawere ochuluka chonchi ndi la munthu mmodzi yekha. Mwabwera ndi ndani, mwanawe?"

"Ndi amayi."

"Oo."

Ine ndinkaopa kuti atibweza ndi thobwa lathu lomwe. Kenako amayi a kutsidya anafunsa, nkhope atalozetsa kukhoma.

"Ija inatha?"

"Inatha," anatero amayi. "Ndabwera nayo. Koma muno muli odwala, sitingakweze mawu. Ndizikuuzani ine zimene zikuchitika."

Anakhala m'mphepete mwa bedi, anandilanda foni, n'kutsitsa mawu mpaka womasulira uja anatheratu. Pafoni ndinkaona Wandolo akutuluka pageti, mvula ikumukwapula. Amayi anayang'ana chithunzicho, anakonza kukhosi, n'kuyamba.

"Apa Wamisozi wafika pakhomo pa Wandolo. Waodira. Wagwada pansi."

Ndinawayang'ana amayi. Iwo sanandiyang'ane. Mayi wina amene ankadikirira wodwala pa bedi loyandikana anasuzumira pafoni, ndipo zinaoneka kuti filimuyo anaionera kale.

"Koma sizinathe chonchotu, paja anam..."

Ndinathyola nthochi msangamsanga n'kumuika m'manja. "Idyani, mayi, zakupsa bwino." Anandiyang'ana, anayang'ana nkhalamba ziwirizo, n'kuyamba kusenda nthochi yake mwakachetechete.

"Amwenye amagwadanso ngati ife?" anafunsa amayi a kutsidya.

"Ameneyu wagwada. Akuti, mnzanga, pakamwa panga panandipereka. Akuti iwe sunabe kanthu kwa munthu, mkanda kapena china chilichonse. Mwana wanga atadwala unamubereka ndiwe, pa maliro unagona pafupi nane ndiwe. Akuti chichokereni iwe, chakudya sichikukoma, ndipo ndinachita manyazi kubwera, ndine chitsiru kuposa cha suti chija."

Foni inali itazima kale m'manja mwa amayi, koma ankaiyang'anabe ngati akuwerengamo. Ine misozi inali ikutsika, ndipo sindinaibise.

"Ndiye Wandolo wayankha kuti chiyani?" anafunsa anzawo.

Amayi anatembenuza foni uku ndi uku, kenako anati, "Pamenepo sipakuoneka bwino."

Amayi a kutsidya anatembenuka pang'onopang'ono, anafufuza ndi dzanja pabulangete mpaka anapeza dzanja la amayi.

"Ndikuuzeni ine, amene sindikuona. Wayankha kuti, mwachedwatu inu, maungu ndi nkhuku zinafika kalekale, eni ake ayi. Koma dzukani pansipo, mawondo anu ndi okalamba. Thirani thobwalo."

Amayi anathira, theka linatayikira pa chitenje. Anzawo analawa n'kunena kuti shuga wachepa, amayi n'kuwakumbutsa kuti shugayo ndi amene wawagoneka pabedipo, ndipo mkangano unayambiranso pomwepo. Sindinamvepo phokoso lokoma ngati limenelo.

Amayi a kutsidya anatuluka m'chipatala mphepo ya mwezi wa June itayamba. Maso sanabwerere, koma Lamulungu loyamba amayi anakawatenga okha kutsidya, n'kuwaolotsa pa mlatho atawagwira dzanja, mpaka pamalo pawo potsamira chipupa. Amayi ena pofuna kuwakomera mtima anati tiwaikire chigawo chomaliza chija, popeza chinawadutsa. Ine ndi amayi tinayang'anana.

"Ayi, ikani ina," anatero amayi a kutsidya, akukokera lichero pamiyendo. "Imeneyo ndinaionera kale ku chipatala. Inatha bwino."