Kompyuta Imene Tinakwirira ku Dimba

"Aneba, kodi chimakina chanu chija chimalembanso makalata?"

Anandifunsa choncho mayi a nyumba yoyandikana ndi yathu, tili pampopi, ine ndikuchapa matewera a mwana wanga wamng'ono. Anafunsa motsitsa mawu, maso ali pa ndowa yawo. Ndinati ayi, n'choseweretsa mwana basi.

"Oo. Poti anthu akumanena," anatero, n'kusenza madzi awo.

Nthawi imeneyo tinkakhala pa boma pa Mchinji, m'nyumba ya lendi kuseri kwa masitolo, ya zipinda ziwiri koma ya magetsi. Amuna anga ankamata matayala a malole pa boda. Ine poyamba ndinkasoka pakhonde ndi makina opalasa ndi phazi. Zinali zaka zomaliza za chipani chimodzi, pamene mumsika sunkalowa wopanda khadi la chipani, ndipo nkhani unkayamba utayang'ana kaye kumbuyo.

Mwana wanga woyamba anali wamkazi, wa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo anabadwa ndi vuto la mtima. Akayenda kuchoka pakhomo kufika pampopi, milomo inkada, n'kukhala pansi kuti apume. Anzake akamasewera fulaye iye ankakhala pamkeka pafupi ndi ine, kutolera tizidutswa ta nsalu. Sankadandaula. Ankangowayang'ana.

Kompyuta anakaiona ku mishoni ku Guilleme, tsiku lina tikudikira mankhwala. Asisitere ena anamuona atatopa pamzere, anamulowetsa mu ofesi mwawo n'kumukhazika pampando. Pagalasi panali kanjoka koyenda, kakadya kadontho n'kumatalika, ndipo iwe umakakhotetsa ndi mabatani kuti kasagunde khoma. Ndili panja ndinamva mwana akuseka. Ndinachita kusuzumira kuti ndione ngati analidi wanga, chifukwa kuseka kotero ndinali nditakuiwala.

Tikubwerera sanapemphe kanthu. Anangoti, "Amayi, masewera aja satopetsa."

Ine sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, za makompyuta sindinkadziwa kalikonse. Koma panali bambo ena achisilamu a sitolo pa boma pomwepo, amene ankalandira katundu wakale kwa madalaivala ochokera ku Joni: mawailesi, mafiriji, nthawi zina makina a m'maofesi. Ndinkagula ulusi kwa iwo. Nditawauza anaseka mpaka kugwira kauntala.

"Mayi, mukufuna mutsegule banki?"

"Ndikufuna ya kanjoka."

"Ya kanjoka. Chabwino, tidzauza madalaivala kuti atigwirire njoka ku Joniko."

Koma anandimvetsa, chifukwa mwanayo ankamudziwa. Patapita miyezi iwiri anandiitana. Kuseri kwa sitolo kunali makompyuta awiri patebulo. Ina inali yaikulu, yooneka yatsopano, ndipo dalaivala amene anaibweretsa anali pomwepo kuitamanda. Akuti galasi lake limaonetsa mitundu yonse ngati kanema, kungoti mkati munkasowa kachitsulo kena, kamene munthu wina ku Lilongwe akhoza kuika mosavuta. Inayo inali yakale, yachikasu ngati dzino la wosuta fodya, galasi lake loonetsa zobiriwira zokhazokha. Koma inali yathunthu: bokosi lake, galasi, thabwa la mabatani, mawaya onse. Mtengo sunkasiyana kwambiri.

Aphunzitsi ena amene anabwera kudzagula shuga anaikapo maganizo awo. Anati nzeru n'kugula zidutswa pang'onopang'ono, wina n'kudzakulumikizira, zimatsika mtengo. Ndinawathokoza. Mumtima ndinati zidutswa zake ndikazitola kuti, ndipo mwanayu adikira mpaka liti.

Chimene ndinkadziwa ine ndi makina osokera, ndipo makina sugula usanasokerepo kansalu. Ndinati ayatse zonse ziwiri. Yaikulu ija inangolira kawiri, galasi lili bii.

"Ikadzaikidwa kachitsulo kaja mudzaona nokha," anatero dalaivala.

"Bambo, za 'ikadza' ndinatopa nazo kuchipatala."

Yakale ija inayaka. Ndinapempha kuti aisiye choncho mpaka a sitolo aja abwere kuchokera ku mzikiti, poti linali Lachisanu. Ndinakhala nayo pafupi, kuigwira pamwamba ngati ikutentha, kununkhiza kumbuyo kwake ngati kukumveka waya wopsa. Atabwera ndinati azimitse, ayatsenso, katatu. Ndinadina batani lililonse. Kenako ndinakabereka mwana uja kumbuyo, wamkulu choncho, miyendo ikugunda m'mawondo mwanga, kuti adzaone yekha ngati kanjoka kalimo. Kanalimo, pamodzi ndi masewera ena awiri.

"Mayi inu mukanakhala woyeza magalimoto, bwenzi pa msewu palibe lole," anatero a sitolo aja.

Ndalama zokwanira tinalibe. Anavomera kutenga makina anga osokera, ndi mbuzi ziwiri zimene ndinali nazo kumudzi ku Mlonyeni. Amuna anga atamva anati, "Ndiye tizidya kanjokako?" Ndinati ndizigulitsa mandasi. M'mawa mwake anakaitenga okha pa njinga, akuyendetsa pansi, galasi atalikulunga m'bulangete lathu.

Masiku amenewo nyumba yathu inasintha. Ana amene ankamusiya pamkeka aja anayamba kuvula masilipasi pakhomo n'kudzaima pamzere. Iye ndiye anali mwini bwalo. Unkangomva, "Iwe wafa, pereka mpata." "Sunasambe m'manja, bwerera." Ine anandiphunzitsa kamodzi, kanjoka kanga kanagunda khoma kasanadye n'komwe.

"Amayi, mukuopa batani ngati liluma."

Ankadya bwino, ndipo mankhwala ankamwa osakakamizidwa, bola umuuze kuti akamwa ayatsa.

Kenako kunayamba mphekesera. M'misewu munkapezeka makalata osasainidwa onena za boma, ndipo kunkamveka kuti m'tauni anthu akutengedwa chifukwa cha makina a m'maofesi amene ankaganiziridwa kuti akulemba zimenezo. Ndi m'masiku amenewo mmene aneba aja anandifunsa funso lija pampopi. Pasanathe sabata amuna anga anabwera masana, chinthu chimene sankachita, n'kunena kuti pa boda anthu awiri awafunsa ngati n'zoona kuti kwathu kuli kompyuta.

Ndinathamangira kwa a sitolo aja kuti aisunge. Anakana mwaulemu.

"Mayi, imeneyo ilibe chotulutsira mapepala, singalembe kalata ngakhale imodzi. Koma obwerawo safunsa zimenezo. Ine yanga ija ndinabweza kale pa lole."

Tsiku lomwelo kunabwera amayi anga aang'ono kuchokera ku Mlonyeni, kudzagulitsa tomato. Iwo ankatcheza kachasu, ndipo zobisa zinthu ankazidziwa. Atamva nkhaniyo sanaone chovuta.

"Mwana wanga, chimenechi n'cholira? Ife tikamva kuti kukubwera apolisi timakwirira zonse, mtsuko, paipi, chilichonse. Mwezi wathunthu zili pansi. Tikafukula timangotsukuluza, moto n'kusonkha."

Zinandimvekera zanzeru. Chitsulo ndi chitsulo, ndinatero mumtima. Tinakulunga bokosi, galasi ndi thabwa la mabatani m'zitenje, kenako m'matumba a feteleza awiriawiri, n'kumanga ndi malamba a tayala. Amuna anga anabwereka ngolo, pamwamba tinathirapo madeya, ulendo wa ku Mlonyeni. Kunali kotentha, mvula isanayambe, nthaka ya pakhomo kumudziko ili gwa ngati simenti. Malo ofewa okhawo anali kudimba, m'mphepete mwa dambo, pansi pa nthochi. Tinakumba pamenepo mpaka m'chiuno.

Mwana ndinamuuza kuti kompyuta yapita ku Lilongwe kukakonzedwa.

"Inaonongeka pati?"

"Mkati. Iwe sungaone."

Anandiyang'ana, n'kuvomera.

Ana aja anasiya kubwera. Sindiwaimba mlandu, ndi ana. Iye anabwerera pamkeka, koma tsopano panalibe ngakhale tizidutswa ta nsalu totolera. Lole ikaima kumasitolo ankadzutsa mutu. "Mwina ndi imeneyo." Ndinkati mwina mawa.

Mvula inabwera, yambiri. Ndikamva ikugunda pamalata ndinkaganiza za dimba lija, n'kudzilimbitsa mtima kuti matumba a feteleza salowa madzi. Amuna anga kawiri konse anati tikafukule. Ndine ndinakana. Ndinati tidikire zinthu zizizire kaye, tisapulumutse chitsulo n'kutaya bambo wa ana. Anthu amanditama kuti ndine wodekha, wodziwa kudikira. Pamenepa kudikirako ndi kumene kunandilakwitsa. Mwezi unatha, wina unatha, pakhomo pathu sipanafike munthu aliyense wofunsa za makina.

Chimanga chikumasula, mapazi a mwana anayamba kutupa, kenako mimba. Kuchipatala anatisunga masiku angapo, n'kutiuza mofatsa kuti tipite naye kunyumba, tizimupatsa chimene akufuna. Tili pa basi anatsamira paphewa panga n'kunena kuti, "Amayi, ku Lilongwe kuja sanamalizebe?"

M'mawa mwake ndinapita ku Mlonyeni ndi khasu.

Dimba lonse linali madzi. Nthochi ija ndinaizindikira, koma pokumba dzenje linkadzaza ndisanafike pansi. Amayi aang'ono ankakapa ndi beseni, ine ndikukumba ndi manja. Matumba tinawapeza atabooka, kaya ndi chiswe madzi asanabwere, kaya ndi mizu. Zitenje zinali zitaola. Nditanyamula bokosi lija, madzi ofiira anatuluka m'mabowo akumbuyo ngati mukukhuthula mtsuko.

"Tsukuluza, uyanike," anatero amayi aang'ono, koma mawu awo anali atachepa.

Ndinachitadi zimenezo. Ndinaitsuka, ndinaiyanika pamkeka kuseri kwa nyumba masiku atatu, kumaitembenuza ngati ufa. Ndinkafuna mwana asaione mpaka itayaka. Tsiku lachitatu ndili kukhitchini, anadzikoka yekha kugwira khoma mpaka kuseriko. Ndinamupeza atakhala pansi, akuchotsa dothi pakati pa mabatani ndi kamtengo.

"Ku Lilongwe kuli matope chonchi?"

Ndinakhala pansi pambali pake, ndinamuuza zonse: za makalata, za mantha, za dzenje la kudimba. Anamvetsera osandidula. Sanalire.

"Mukanandiuza ine," anatero. "Imaopa madzi. Asisitere aja ananena, ngakhale kapu ya tiyi osaika pafupi."

M'nyumba monse, amene ankadziwa za kompyuta anali iyeyo, ndipo ndi yekhayo amene sitinamufunse.

Amuna anga ataiyatsa inangoti phu, kafungo ka waya wopsa, basi. A sitolo aja anabwera okha ndi sikuludalaiva, anatsegula bokosi, anayang'ana dzimbiri lili mkatimo, n'kutsekanso bwinobwino. Potuluka anamusiyira mwana paketi ya mabisiketi. Anauza madalaivala kuti afufuze ina, koma masiku amenewo palibe amene ankafuna kudutsa nayo pa boda.

Thabwa la mabatani lija analipempha. Ankagona nalo pambali, nthawi zina n'kuliika pamiyendo, maso ali kukhoma, zala zikudina kumanja, pansi, kumanzere. Mng'ono wake akalikhudza ankati, "Dikira, sindinafe." Anatisiya chimanga chisanaume, m'mawa wina, ine ndikumuphikira phala. Tinakamuika kwathu ku Mlonyeni.

Zinthu zitasintha m'dziko, makompyuta anadzafika mpaka m'masitolo a pa boma, ana kumalipira kuti asewere. Ine sindinalowemo. Kusoka sindinabwererenso, mandasi aja ndi amene analera ana otsalawo.

Zimene zinapita ndi izi: makina osokera, mbuzi ziwiri, zitenje zinayi, ndi kompyuta imene inalibe vuto lililonse. Mwana wanga anasewera masabata khumi ndi limodzi. Anadikira miyezi isanu.