Chingwe cha a Yakobe Telala

Amene munagulako mchere pa Mitundu zaka zija matipate atangoyamba mukuwakumbuka a Yakobe, telala wamtali wowonda amene ankasoka pakhonde pa sitolo ya a Abdulla. Munthu wovuta ameneyo! Ukati buluku lako ndi la mainchesi makumi atatu, iwo ankakuyeza ndithu, n'kukuuza pamaso pa anthu kuti wanama ndi awiri. Bodza ankadana nalo ngati njoka. Sukulu analekeza sitandade 3, koma Buku Lopatulika ankawerenga tsiku ndi tsiku, chala chikutsata mzere, milomo ikugwedera.

Akazi awo a Zipora, amene iwo ankangowaitana kuti aNambewe, anali a kufupi ndi Nathenje, ndipo a Yakobe anawatenga chitengwa ali mtsikana. Anabereka mwana mmodzi yekha, Lackson. Mu 1981 mnyamatayo analankhula mosasamala pamowa, anthu anayi anabwera ndi galimoto masanasana, n'kumutenga. Basi. Kuyambira tsiku limenelo mayiyo ankanjenjemera galimoto ikangoima pamsewu.

Boma litasintha mu 1994, anthu anayamba kubwerera. Ena anatuluka m'ndende, ena anachokera kunja atanenepa, akulankhula Chingerezi. A Zipora anachapa bulangete la mwana wawo n'kuliyanika. Chaka chinatha, Lackson osaoneka. Kenako maso a mayiyo anayamba kuchita khungu, miyendo n'kutupa, ndipo abale awo anabwera kudzawatenga kuti akawadwazikire kwawo, monga mwa mwambo. A Yakobe anatsala pa Mitundu ndi makina awo, n'kumapalasa njinga Loweruka lililonse kukazonda matenda.

Loweruka lina anapeza odwalawo atakhala tsonga pamphasa, nkhope ikuwala. Kunali kutabwera mlaliki wachinyamata, wa tayi yofiira ndi chimkuzamawu, ndipo anati mawu oti "Usaope" alimo m'Baibulo ka 365, limodzi pa tsiku lililonse la chaka.

"Bambo a Lackson, kodi n'zoona?" anafunsa a Zipora. "Ine mantha andikwana. Ndikuopa kufa osadziwa kumene mwana wanga anagona. Ngati Mulungu anandisungira liwu la tsiku lililonse, ndipirira. Koma ndimve kwa inu, inu simunama."

Mwamuna wina aliyense akanangoti, "N'zoona, mayi," nkhani n'kuthera pomwepo. Koma a Yakobe, kalanga ine! Anakanda m'mutu n'kunena kuti, "Ndikawerenge kaye."

Anagula chingwe chosokera mabelo a fodya, nayamba pa Genesis. Akapeza "Usaope" ankamanga mfundo imodzi. Sipanapite sabata mafunso anayamba kuwadya. Nanga "Musaope", wonena kwa anthu ambiri, aziwerengera? Anaganiza masiku awiri, navomera. Nanga pamene wanena si Mulungu koma munthu, ngati Yosefe kwa abale ake? Anavomeranso, koma monyinyirika. Atafika pa Oweruza anaima nji. Pamenepo mkazi uja Yaeli akuuza Sisera kuti asaope, alowe m'hema, kenako n'kumukhomera chikhomo m'mutu ali m'tulo.

"Ili ayi," anatero mokweza. "Ili silingatonthoze munthu."

A Abdulla anasuzumira pazenera. "Achimwene, makasitomala akuthawa. Diresi la mwana wa a Gilibati lija ukwati wake ndi mawa. Mwasanduka abusa kodi?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anayankha a Yakobe osadzutsa mutu. Diresilo linakasokedwa kwa telala wina, ndipo ambiri analitsatira.

Loweruka lililonse ankapita nacho chingwe ku Nathenje. A Zipora, amene tsopano sankaonanso, ankachiyendetsa m'zala zawo, mfundo ndi mfundo, n'kumwetulira. "Zikuchuluka," ankatero. Pa Yesaya zinachulukadi, moti a Yakobe anapalasa njinga akuimba nyimbo ya kwaya, anthu m'njira n'kumadabwa kuti mkulu wouma uja walowa chiyani. Koma masamba otsala ankacheperachepera, ndipo telala amadziwa nsalu yosakwana asanaidule. Pofika pa Machitidwe mtima wawo unali utazizira kale.

Anamaliza Chivumbulutso mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anawerenga mfundo zija katatu. Sizinafike ngakhale theka.

A Abdulla anawapeza atakhala pakhonde paja, chingwe chili pamwendo. Atamva nkhaniyo anapukusa mutu. "Achimwene, chingwe chatsala chambiri. Mangani mfundo zinazo. Adziwa ndani? Mayi aja akupita."

A Yakobe anachigwira ndithu chingwecho, napinda kuti amange. Anamanga imodzi, naiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaimasula ndi mano, misozi ikutsikira m'ndevu. Ine ndinene poyera, tsiku limenelo ndinawakwiyira. Chilungamo chanji chopita nacho kwa munthu amene ali kumapeto?

M'mawa mwake, Lachitatu, anavundikira makina ndi chitenje napalasa kupita ku Nathenje. Anapeza a Zipora atagonekedwa pamthunzi wa mango, atatha ngati bango. Anagwada pambali, nawaika chingwe m'manja.

Mayiyo anayamba kuwerenga ndi zala. Anapita pang'onopang'ono mpaka mfundo zinatha, zala n'kumayendabe pachingwe chosalala, kufunafuna.

"Mwamaliza buku lonse?"

"Ndamaliza, aNambewe."

"Ndiye sizinakwane."

"Sizinakwane. Mwina mlaliki uja anawerengera ndi mawu ena ofanana nawo, kaya. Koma ine zimene ndapeza ndi zimenezi. Ndikhululukireni."

Nkhuku inadutsa ndi anapiye ake. A Zipora anapinda chingwe chija bwinobwino n'kuchiika pambali, kenako anafufuza dzanja la amuna awo mpaka analipeza.

"Miyezi isanu ndi itatu mwakhala mukusaka liwu limeneli m'buku," anatero ndi mawu otsika. "Zaka khumi ndi zinayi chitengedwere mwana wathu, inu simunandiuzepo ngakhale kamodzi. Masiku amene Mulungu sanalembewo, muzindiuza ndinu."

Munthu amene ankadzudzula aliyense pamsika analephera liwu limodzi. Anayesanso, ndipo linatuluka lophwanyika, ngati la mwana.

"Musaope, aNambewe."

"Eya," anatero mayiyo. "Mawanso."

A Yakobe sanabwererenso pa Mitundu mwezi umenewo. M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, ankagwada pamphasa paja n'kunena, ndipo a Zipora ankayankha kuti eya. Ananena masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Lackson sanabwere, ndipo palibe anabweretsa uthenga wa kumene anagona.

Maliro a mayiyo ataikidwa, achibale atameta n'kubalalika, a Yakobe anadzuka m'mawa m'nyumba ya alamu awo, natembenukira kumene kunkakhala mphasa ija. Alamuwo, amene ankasesa panja, anawamva akunena mawu aja bwinobwino, kenako n'kukhala chete nthawi yaitali, kudikira yankho.