Ketulo ya Ababa ndi mphaka wawo

Salaam aleikum nonse.

Ndangofika kumene kuchokera ku Monkey Bay ndi Kapiteni, mphaka wokalamba uja wa malemu Ababa. Watha masiku anayi osachita chimbudzi. Amakumba mchenga, kuchima, kulira, koma osatuluka kanthu. Mimba inali gwa ngati mwala.

Adokotala a ziweto ati wadzimbidwa. Amuthandiza, ndipo atiletsa kumupatsa usipa wouma. Azidya nsomba yamsuzi yochotsa minga. Kenako andifunsa kuti, "Nanga madzi amamwa bwino?"

Apa m'pamene ndakumbukira. Abale anga, Kapiteni sanazolowere kumwa m'mbale. Ababa akamatawaza, kusamba m'manja ndi m'mapazi kuti aswali, iye ankakhala pamapazi pawo n'kumanyambita madzi otsika m'ketulo, kasanu pa tsiku. Chiwaikireni m'manda, ketuloyo takhala tikuisunga m'sutikesi, ndipo palibe anaganizako za iye.

Nditangofika ndaitulutsa n'kuthira madzi pamwala paja Ababa ankatawazira. Wabwera akudzikoka, wamwa osadzutsa mutu. Ine misozi.

Achimwene Yusufu, ndikudziwa tinagwirizana kuti ketuloyo mupite nayo ku Namwera Loweruka. Nonse mukuti bwanji? Ine ndikupempha ikhale kuno kaye, mpaka Kapiteni atawatsatira Ababa.