Mchombo wa Mbissane

M'tauni mwathu palibe amene samudziwa Mbissane Tine, wojambula zithunzi amene amakhala pansi pa chiboliboli cha katswiri wa masewera ogwetsana, pamphambano ya kumsika. Kwa zaka makumi atatu wakhala akugulitsa zithunzi za chibolibolicho kwa alendo, ndipo wogula aliyense amamuonjezera nkhani yaulere: "Mukumuonayu ndi ineyo. Ndinaimirira masabata atatu kuti aumbe chimenechi."

Chiboliboli chili ndi chifuwa ngati chitseko, pamene Mbissane nthiti zake mungaziwerenge atavala mkanjo. Ife tinkangomusiya, munthu adyerepo.

Anachiumba ndi msuweni wake, Latyr Ngom. Awiriwa amanyozana tsiku lililonse monga mwa chisuweni, koma pa phwando lina Mbissane anadya mutu wa nsomba umene Latyr anauika padera. Imeneyo sinali nthabwala. Lolemba lake kunafika mayi wa ku ofesi yoteteza ntchito za aluso, kumene Latyr anakadandaula, nanena kuti kugulitsa zithunzi za chiboliboli kumafuna chilolezo cholembedwa ndi mwini ntchitoyo.

"Chilolezo chodzijambula ndekha?" Mbissane anakweza mkanjo pakati pa anthu. "Taonani mchombo uwu, amayi! Ndiye muyang'ane kumwambako!"

Kunena zoona unali womwewo, wotuluka ndi wopendekera kumanzere.

"Mchombowo ndi wanu, bambo, tsitsani chovalacho. Koma chiboliboli ndi cha amene anachiumba."

Mbissane sanagonje. Anadzola mafuta, n'kumanga kansalu m'chiuno, n'kudzijambula atatukumula chifuwa. Sabata yonse anagulitsa chithunzi chimodzi chokha, kwa mayi wina amene ankafuna choopsezera ana kuti asamabe mango. Ndinamumvera chisoni, ngakhale kuti ndinaseka mpaka misozi.

Njala itafika pakhomo, anapita kwa Latyr, n'kumupeza akuphika tiyi.

"Wabwera, kapolo wanga?" anatero Latyr. "Chilolezo ndikupatsa. Koma kuseri kwa chithunzi chilichonse uzilemba zoona: mchombo ndi wa Mbissane, zina zonse ndi za Gorgui wogulitsa nyama."

Za alendo Mbissane analibe nazo mantha. Ankaopa mkazi wake Yandé, chifukwa pomufunsira anamutengera pa chiboliboli chomwechi n'kumuuza kuti, "Mkanjowu umangondibisa." Anayenda ndi pepala la panganolo mpaka kunyumba asanalisaine. Yandé anali pakhonde akupala nsomba, ndipo Mbissane anaulula zonse atayang'ana pansi.

Yandé sanasiye n'komwe kupala.

"Abambo inu, zaka zonsezi ndikukusisitani msana, ndisadziwe chifuwa chanu? Kasaineni msanga, mpunga watha m'nyumba muno." Anatembenuza nsomba ija. "Gorgui uja ananditsatatsata ndi chifuwa chake chonsecho. Ndinamukana."