Udzu wa m'Lichero

"Iwe Pilira, sukulu wamaliza, koma ukudziwa kuti ng'ombe za Mwana Yesu zimadya chiyani?"

Anandifunsa choncho a Damiano, oyandikana nafe kuno ku Lobi. Ndinati udzu. Anaseka mpaka kutsokomola. "Mawere, mwanawe. Za kwathu zimadya mawere."

A Damiano anabadwira ku Chongoni, m'mphepete mwa nkhalango. Kuno anabwera ngati mkamwini, atanyamula khasu, bulangeti ndi kachitini kodzaza ng'ombe zadothi. Moyo wawo wonse alima nyemba ndi kachewere. Sanatsogolerepo chilichonse, ngakhale kutchalitchi amakhala benchi yakumbuyo. Koma ikafika Disembala, m'mudzi muno mulibe wowaposa.

Luso lake analitenga kwa mayi awo. Khirisimasi ikamayandikira, mayiwo ankayala chiguduli chonyowa m'lichero, n'kuwazapo mawere, n'kubisa kuseri kwa chitseko. Mawere akamera ankawatulutsa kuti aone dzuwa, ndipo pofika tsiku lalikulu lichero lija linali litasanduka dambo lobiriwira. Pakati pa dambolo ankaimikapo kakhola ka timitengo ta paini, pamwamba nyenyezi ya pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Ng'ombe ankaumba a Damiano eni ake ali kubusa. Ina inathyoka nyanga ali mnyamata, koma mpaka lero ndi imene imaima pafupi ndi Mwana.

"Tinalibe nsapato," amatero akamakumbukira, "koma dambo tinali nalo m'nyumba."

Akazi awo, a Magadalena, anauzolowera mwambowu moti ndi iwo amene ankathirira. Anamwalira chaka chatha, ndipo Khirisimasi imeneyo lichero linangokhala pakhoma. Chaka chino mwana wawo Kristina anaimba foni kuchokera ku Lilongwe kuti akubwera ndi ana ake awiri, obadwira m'tauni, amene sanadyepo Khirisimasi kumudzi. A Damiano maso anachita ng'ala, amangoona zinthu ngati zili m'nkhungu ya m'mawa. Chimene ankafuna chinali chimodzi: adzukuluwo aone dambo lija, aligwire ndi manja, iwo akadalipo kuti awauze chiyambi chake.

Anawaza mawere mopapasa, nabisa kuseri kwa chitseko, osauza munthu.

Pakhomopo pamakhala Sungeni, mdzukulu wa mlongo wawo, amene anachokera ku Linthipe kudzawaphikira. Ndi wa mpingo wina, ndipo za khola la m'nyumba sanazionepo. Iye mtima unali pa thobwa la alendo, koma chimera chinali chitamuperewera. Tsiku lina akusesa, a Damiano ali kudimba, anapeza mawere onyowa atatulutsa timizu toyera. Wamkulu aliyense wa kuno akaona zimenezo amadziwa kuti ndi chimera. Anayanika padenga, dzuwa linamuchitira chifundo, mawa lake n'kusinja.

"Agogo, mwandithandizatu!" anawalandira choncho pakhomo. "Ndimati amuna simuganiza za kukhitchini."

"Ndakuthandiza chiyani?"

"Chimera chija munabisa. Thobwa la chaka chino anthu anyambita makapu."

A Damiano anapita kuseri kwa chitseko, napapasa pansi. Anapeza lichero lili lopanda kanthu.

"Sungeni, wasinja msipu wa ng'ombe zanga."

"Ng'ombe ziti, agogo? Inu muli ndi nkhuku zokha."

Atamufotokozera, Sungeni anagwira pakamwa, misozi ili mbwe. Iwo sanakalipe. Anangoti, "Usalire, ukuthira mchere m'thobwa. Bweretsa chiguduli china." Anawazanso mawere, koma masiku anali atatha.

Kristina anafika ndi mpunga, mafuta ndi timagetsi tabatire tothwanima. Khola linaimikidwa, nyenyezi inapachikidwa, ng'ombe zinaima m'malo mwake. Koma pansi panali chiguduli chabe, chokhala ndi timinga toyera ngati ndevu za tsiku limodzi.

"Agogo, ng'ombe zanu zikudya chisaka?" anafunsa Ufulu, wamkulu wa ana aja.

"Kwagwa chilala chaka chino, bwana."

"Mvula yonseyi?"

"Funsani achemwali anu a Sungeni. Msipu wonse uli m'kapu mwanumo."

Ufulu anasuzumira m'thobwa lake, ndipo nyumba yonse inafa nacho chiseko, ngakhale Sungeni amene. A Damiano anaseka nawo. Koma Kristina yekha anaona kuti dzanja la bambo ake silikuchoka pa lichero, likungosisita timinga tija ngati kuti tingakule msanga.

"Ababa, ine ndimalikumbukira," anawanong'oneza. "Amayi ankandimenya dzanja ndikafuna kuzula."

"Iwe unaliona. Awa ndiwauza chiyani? Kuti kunali dambo?"

Mawa lake alendo anabwerera, poti Kristina ali ndi golosale yosatsekeka masiku awiri. Ndipo ngati mwano, sabata isanathe lichero linabiriwira, udzu wake wothithikana, ng'ombe zija zikuoneka misana yokha.

Ndinawapeza a Damiano atakhala pakhonde, lichero lili pamiyendo.

"Wabiriwira?" anandifunsa.

"Kwambiri, agogo."

"Eya. Koma oona ake anapita."

Ndinati ndijambule pa foni nditumize. Anapukusa mutu. "Pagalasi mwana angagwire chiyani? Fungo lake alimva bwanji?" Kenako anandiuza kuti udzu wa m'lichero sukhalitsa. Ulibe dothi, ukangotha mphamvu ya mbewu umayamba chikasu.

Ine ndinali nditagwirizana ndi a Kristina kuti ndidzapite kukawathandiza m'golosale kumapeto kwa Januwale, nyemba za amayi tikapalira. Madzulo amenewo ndinawapempha amayi kuti mizere yanga ndimalize m'masiku awiri. Ndaganiza zonyamuka Loweruka lino kupita ku Lilongwe. Chikwama chikakhala kumbuyo kwa minibasi, koma lichero ndilifungatira pamiyendo, nditalifunditsa chitenje chonyowa, ng'ombe zili m'kachitini kake. Kondakitala anene zimene anganene.